Mwana akamangobwereza kalasi, tifufuze pamene anatsalira

Amayi anzanga, chaka cha sukulu chikamatha, m'nyumba zambiri kuno ku Nsipe mumalowa kapepala kamene kamachotsa mtendere. Mwana amabwera nako atakapindapinda, n'kukasiya pampando osanena kanthu. Mukakatambasula mumapeza kuti walepheranso, ndipo abwereza Sitandade 3 kachiwiri. Bambo ake amakalipa, agogo amati watengera kuchimuna, inu mumangoti, "Mwana ameneyu ndi wouma mutu." Ena timafika potenga mkwapulo. Sukulu zikatsegulidwa timamugulira kope latsopano n'kumubwezera m'kalasi yomwe ija, pamalo omwe aja, kuti akamve zomwe zija zimene sanamve chaka chatha. Akafika zaka 12 kapena 13 ali pakati pa tiana ta zaka 8, manyazi amamugwira. Amayamba kujomba tsiku limodzi, kenako sabata yathunthu, ndipo posakhalitsa timamuona akugulitsa tomato pa Kampepuza, kapena timamva kuti pali mnyamata amene akufuna kudzaonekera.

Mawu akuti "wouma mutu" satiuza kanthu. Mukapita kuchipatala ndi mwana wotentha thupi, adokotala sangonena kuti mwanayu ndi wodwaladwala n'kukubwezani. Amamuyeza magazi kuti adziwe ngati ali ndi malungo kapena ayi. Mwana wotsalira kusukulu amafunikanso kufufuzidwa chomwecho. M'phunziro lino tikhala pa mafunso awiri: anatsalira pati, ndipo chinamutsalitsa n'chiyani?

Sukulu yathu imaphunzitsa gulu

Tiyambe ndi sukulu yeniyeniyo. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana olembetsa sukulu anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Chinali chinthu chabwino, ndipo ambiri mwa ife tinalowa m'kalasi chifukwa cha chimenecho. Koma zipinda zophunziriramo, mabuku ndi aphunzitsi sizinachuluke pa liwiro lomwelo. Boma linalemba mwachangu aphunzitsi pafupifupi 20,000 amene anali asanapite kukoleji ya zauphunzitsi, ndipo ana ambiri anayamba kuphunzirira pansi pa mitengo. Mpata umenewo sunatsekeke mpaka lero. Cholinga cha boma n'chakuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma inu nomwe mukudziwa kuti m'sukulu zambiri Sitandade 1 ndi 2 imapitirira ana 100.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti phunziro ndi la mphindi 30 ndipo ana alipo 120. Mphunzitsi akafuna kupatsa mwana aliyense nthawi yakeyake, mwana mmodzi apeza masekondi 15. Choncho mphunzitsi amachita zimene aliyense wa ife akanachita: amalemba pabolodi, amawerenga mokweza, ana onse n'kubwereza pamodzi. Mukamadutsa panja mumamva mawu amphamvu ngati kwaya, mumati ana akuphunzira. Koma m'kati mwa kwaya imeneyo muli mwana amene akungogwedeza milomo. Inu a m'kwaya ya kutchalitchi mukudziwa kuti munthu akhoza kuimba nyimbo chaka chathunthu atanyamula buku limene sangathe kuwerenga.

Silabasi nayo sidikira munthu. Mphunzitsi ali ndi buku lomuuza kuti sabata ino aphunzitse zakuti, sabata ya mawa zakuti, ndipo akuluakulu ake akabwera amafuna kuona ngati wafika pamene ayenera kufika. Mwana amene anadwala malungo milungu iwiri, kapena amene anatsala pakhomo nthawi yopalira, akabwerera amapeza anzake ali patsogolo. Palibe amene amabwerera naye m'mbuyo.

Sindikunena izi kuti tikawazazire aphunzitsi. Ambiri mwa iwo ndi akhristu anzathu a m'miphakati yathu yomweyi, ndipo amafika kunyumba mawu atasasa. Ndikufuna tione kuti mmene sukulu ilili, mwana wanu akhoza kutsalira zaka zitatu popanda woona. Munthu amene ali ndi mpata womuyang'ana yekha payekha ndinu.

Khwerero limene linaphonyeka

Kuwerenga kumayenda ngati kukwera makwerero. Mwana amayamba ndi kudziwa malembo ndi maliwu ake. Kenako amalumikiza maphatikizo: ba, be, bi, ma, me, mi. Kuchoka apo amapanga mawu, ndiye chiganizo, ndiye nkhani yonse, mpaka kumvetsa zimene wawerenga. Akaphonya khwerero limodzi, onse a pamwamba pake sangawafikire. Masamu nawonso ndi chimodzimodzi: wosadziwa kuti mu 47 muli makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri sangamvetse kuchotsera kobwereka, ngakhale mutamufotokozera kakhumi.

Vutoli si la mwana wanu yekha. Lipoti la Banki Yaikulu ya Dziko Lonse la 2018 linanena kuti mu 2012 ana oposa 89 mwa 100 aliwonse amene anayesedwa ku Malawi ndi ku Zambia sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi pomaliza kalasi yachiwiri. Kodi tinganene kuti ana onsewo anali ouma mutu? Mu 2016 Unduna wa Zamaphunziro unayambitsa ndondomeko ya National Reading Programme, imene inabweretsa mabuku atsopano a Chichewa ndi Chingerezi a Sitandade 1 mpaka 4 komanso kaphunzitsidwe kotsindika maliwu ndi maphatikizo. Mabukuwo ndi abwino. Koma kalasi yonse imatsegulabe tsamba limodzi tsiku limodzi, wothamanga ndi wotsalira pamodzi.

Chigumula chimabwera m'Sitandade 5, pamene maphunziro ambiri amayamba kuphunzitsidwa m'Chingerezi. Mwana amene Chichewa chomwe amachiwerenga modukizadukiza tsopano akufunsidwa kumva sayansi m'chinenero chachilendo. Amakopera zonse za pabolodi mwaukhondo, kope lake limaoneka lokongola, koma mukamufunsa kuti walemba chiyani amangoyang'ana pansi.

Mankhwala amene sukulu zathu zimapereka pa zonsezi ndi amodzi: kubwereza. Ziwerengero za undunawu za zaka zaposachedwa zimaonetsa kuti mwana mmodzi mwa anayi kapena asanu aliwonse ku pulayimale amabwereza kalasi. Kubwereza kumathandiza mwana amene anangotaya miyezi chifukwa cha matenda kapena maliro. Koma mwana wa Sitandade 4 amene anatsalira pa maphatikizo a Sitandade 1, kumubwezera m'Sitandade 4 n'kumutayitsa chaka china, chifukwa maphatikizowo sakaphunzitsidwa kumeneko. Makolo ena amalipira patitayimu, koma nthawi zambiri kumeneko amangobwereza za m'kalasi zomwezo.

Zimene anayesa ku Chipata ndi ku Katete

Anzathu a ku Zambia anakumana ndi vuto lomweli. Mu 2016 unduna wawo wa zamaphunziro unayamba kuyesa njira imene anaitcha Catch Up m'sukulu 80 za m'maboma a Chipata, Katete, Monze ndi Pemba. Ku Chipata ndi ku Katete ana amaphunzira m'Chinyanja, chinenero chathu chomwechi. Njirayi anaitenga ku India, kumene bungwe la Pratham linaiyambitsa, ndipo akatswiri a zachuma Abhijit Banerjee ndi Esther Duflo, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2019, anali m'gulu la oifufuza.

Kachitidwe kake sikovuta. Mphunzitsi amakhala ndi mwana mmodzimmodzi kwa mphindi zochepa, n'kumupatsa pepala limodzi lokhala ndi malembo, mawu, ndime yaifupi ndi kankhani. Amaona pamene mwanayo waimira. Kenako kwa ola limodzi pa tsiku ana a giredi 3, 4 ndi 5 amasakanizidwa, osati motengera kalasi koma motengera pamene ali: a malembo paokha, a mawu paokha, a nkhani paokha. Amaphunzira ndi masewera, makadi, timitengo towerengera ndi kulemba pansi. Pakapita nthawi amayesedwanso, ndipo wodziwa amakwera gulu lina. Boma la Zambia litaona zotsatira linafalitsa njirayi m'sukulu zambiri za m'dzikomo.

Chimene chimandisangalatsa pa njirayi n'chakuti kuyeza kwake mayi aliyense wodziwa kuwerenga akhoza kukuchita pakhonde. Tengani katoni, mulembepo malembo khumi mosatsata ndondomeko ya a, b, c, chifukwa ana ambiri ndondomekoyo amangoiimba ngati nyimbo. M'munsi mwake lembani mawu asanu osavuta monga "mana", "gule", "khasu". Pansi pake lembani ziganizo zitatu zazifupi zimene mwanayo sanazionepo. Mukhale naye nokha, osati pamaso pa abale ake amene angamuseke. Muuzeni kuti si mayeso. Lozani lemba lililonse ndi chala, osamuuzira, osakalipa. Akawerenga ziganizo, mufunseni kuti zikunena chiyani. Pamene wakakamira ndi pamene anatsalira, ndipo pamenepo ndi poyambira, kaya ali Sitandade 6. Inu amene simunapite patali ndi sukulu, pemphani mnzanu wa m'bungwe kuti akuthandizeni, inu mukhale pambali kuti muone ndi maso anu.

Yang'anani thupi la mwana

Funso lachiwiri lija, lakuti chinamutsalitsa n'chiyani, nthawi zambiri yankho lake lili m'thupi.

Tiyambe ndi makutu, chifukwa ndi amene timawanyalanyaza kwambiri. Mwana amene khutu lake linkatuluka mafinya ali wamng'ono, kapena amene anadwala malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi, akhoza kumamva mwa apo ndi apo. Pakhomo simudziwa, popeza mumalankhula naye pafupi ndipo amakuyang'anani pakamwa. Koma m'kalasi ya ana 100, atakhala kumbuyo, kwa iye "pa" ndi "ba" zimamveka chimodzimodzi. Ana otere ndi amene timawatcha amwano kapena osamva. Imani kumbuyo kwake, mtunda wa mkono umodzi, mutseke khutu limodzi, munong'one mawu angapo kuti abwereze, kenako musinthe khutu. Akamalephera, kapena ngati khutu likutulukabe mafinya, pitani naye kuchipatala. Musathiremo mafuta kapena madzi a masamba, ndipo musatokosemo ndi nthenga kapena kamtengo ka machesi.

Maso nawonso. Mwana wotsinzinira poyang'ana patali, woyandikitsa buku kumphuno, wodandaula mutu akaweruka, wokopera kwa mnzake m'malo mokopera pabolodi, mwina bolodilo saliona. Pachikani kalendala pakhoma, mumuimike patali pamodzi ndi mnzake wa msinkhu wake, aliyense atseke diso limodzi, muone ngati akuwerenga manambala ofanana. Ana achialubino pafupifupi onse amavutika kuona patali, choncho ayenera kukhala kutsogolo, pamalo opanda dzuwa lowathobwa m'maso, ndi kulembedwera zilembo zikuluzikulu.

Khunyu tonse timalidziwa likamagwetsa munthu. Koma lilipo lina limene siligwetsa: mwana amangoti duu kwa masekondi ochepa, maso ali tong'o, kenako n'kupitiriza ngati palibe chachitika, ndipo zimenezi zikhoza kuchitika kambiri pa tsiku. Mphunzitsi amati ndi wolota masana. Khunyu si lopatsirana, si ufiti, ndipo mankhwala ake alipo m'zipatala. Mwana akamamwa mankhwala mosadumphitsa akhoza kuphunzira pamodzi ndi anzake. Kumutsekera m'nyumba chifukwa cha manyazi n'kumulakwira.

Njala sitiyenera kuifotokoza kwambiri, timaidziwa mu Januwale ndi Febuluwale. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo kupinimbira kumakhudza ubongo womwe. Njoka za m'mimba, likodzo ndi malungo obwerezabwereza zimachepetsa magazi, ndipo mwana wochepa magazi amaodzera m'kalasi. Bungwe la Mary's Meals, limene linayamba ntchito yake ku Malawi kuno mu 2002, linaona chomwechi: phala la m'mawa limasunga mwana m'kalasi. Kumene kulibe phala la kusukulu, mbatata yotsala dzulo kapena chimanga chokazinga ndi bwino kusiyana ndi kupita chimimba.

Pokaonana ndi adokotala, kaya ku chipatala cha Nsipe kapena cha boma pa Ntcheu, tengani buku la kuchipatala la mwanayo kuyambira la kusikelo, ndipo munene momveka kuti mwabwera chifukwa akutsalira kusukulu. Alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu akhoza kukuuzani tsiku limene oona za maso kapena makutu amapezeka.

Pamene thupi lili bwino koma zikukanikabe

Alipo ana ena amene amamva bwino, amaona bwino, amadya, ndipo pa zina ndi ochenjera zedi. Mukawatuma kumsika chenje sichisowa. Amakonza njinga, amaloweza nyimbo atangoimva kawiri. Koma zilembo zimawasokonekera: b ndi d amazisinthanitsa mpaka Sitandade 5, amadumpha mizere, liwu limene awerenga pamwamba amalephera kulizindikira pansi. Akatswiri amati ubongo wa ana otere umagwira zilembo mwanjira ina, ndipo si ulesi. Amadziwa kuwerenga akaphunzitsidwa pang'onopang'ono, mobwerezabwereza, akugwiritsa ntchito maso, makutu ndi manja pamodzi: kuumba malembo ndi dongo, kuwalemba pamchenga uku akutchula liwu lake. Mkwapulo umangowaphunzitsa kuopa buku. Pamenepa ndionjezepo za mwana wamanzere: musiyeni alembe ndi dzanja lakelo, palibe cholakwika.

Enanso amachedwa pa zonse, kuyambira kukhala, kuyenda ndi kulankhula ali akhanda. Amenewa mwina sadzafika pa mayeso a Sitandade 8, koma akhoza kuphunzira kulemba dzina lawo, kuwerenga ndalama, kudzisamalira ndi ntchito ya manja. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 mwa 100 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina. M'kalasi ya ana 100, ndiye kuti nkhaniyi si ya mwana mmodzi. Ndipo musaiwale mwana wothamanga kwambiri, amene amamaliza ntchito msanga n'kuyamba phokoso chifukwa chotopa ndi kudikira. Nayenso sukulu ya gulu imamuphonya. Mupezereni choti aziwerenga, ndipo muzimupatsa mng'ono wake kuti amuphunzitse.

Zitseko zogogoda

Chitseko choyamba ndi cha mphunzitsi wa kalasi. Musadikire tsiku lotsekera sukulu. Pitani teremu ikangoyamba, ana ataweruka, mwaulemu, mutanyamula katoni yanu ija. Kunena kuti, "Aphunzitsi, mwana wanga malembo akuwadziwa koma maphatikizo akumukanika, ndipo khutu lakumanzere samva bwino," kumapatsa mphunzitsi chogwira. Kufunsa kuti, "Bwanji mwana wanga akulephera?" kumangobala mkangano. Pemphani zinthu zotheka: akhale kutsogolo, akhale pafupi ndi mnzake womuthandiza, aphunzitsi azimuyang'ana polankhula.

Zikakanika pamenepo, pali aphunzitsi aakulu, komiti ya sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi, ndi gulu la amayi la pasukulu, limene ena mwa inu muli mamembala ake. Pamwamba pawo pali a PEA, oyang'anira sukulu za m'zoni. Iwo ndi amene angadziwe kumene kuli mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera. Aphunzitsi amenewa amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, ndipo ena amayendera sukulu zingapo. Tinene zoona, alipo ochepa kwambiri poyerekeza ndi ana owafuna, choncho mudzafunika kubwererako kangapo. Musatope. Lamulo la maphunziro la 2013 limati sukulu ya pulayimale ndi yaulere ndi yokakamiza kwa mwana aliyense, ndipo kuyambira ndi lamulo la 2012 lokhudza anthu aulumali, n'koletsedwa kumukaniza mwana sukulu chifukwa cha ulumali wake.

Kwa mwana wosamva kwenikweni, m'dayosizi yathu ya Dedza muli sukulu ya ana osamva ku Mua, kumene amaphunzira m'chinenero cha manja. Kwa wosaona, m'boma lathu lino muli malo a ana a vuto la maso ku Nsiyaludzu, kumene amaphunzira zilembo za Braille. Chinenero chimagwira bwino mwana akali wamng'ono, ndiye musadikire kuti akule kaye. Ndipo mwana wa vuto la maso akamayandikira Sitandade 8, kumbutsani aphunzitsi aakulu pa nthawi yolembetsa mayeso, chifukwa bungwe la MANEB limakonza mapepala a Braille ndi a zilembo zikuluzikulu kwa okhawo amene linauzidwiratu.

Zimene bungwe lathu lingayambe mwezi uno

Pa mphakati uliwonse pali mayi kapena mtsikana amene anafika Fomu 2 kapena Fomu 4, ndipo m'midzi ina muli aphunzitsi opuma pa ntchito. Masana awiri pa sabata, ola limodzi, pansi pa mtengo wa mango, ana osapitirira khumi pa gulu, ogawidwa motengera pamene anatsalira. Zipangizo ndi makatoni, makala, zitsekerero za mabotolo ndi timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi. Kambiranani kaye ndi aphunzitsi aakulu ndi amfumu kuti asadabwe, ndipo pemphani mphunzitsi wa Sitandade 1 akuonetseni mmene amatchulira maliwu, kuti musaphunzitse zosiyana ndi za m'kalasi. Gululo musalitche la ana olephera, chifukwa dzina lotero likamveka m'mudzi ana aakulu sabweranso. Pakatha milungu isanu ndi umodzi muwayezenso ndi katoni ina ya mawu atsopano, mulembe m'kope amene akwera ndi amene atsala. Otsalawo ndi amene mudzawaperekeze kuchipatala ndi kwa a PEA.

Pa msonkhano wathu wotsatira, aliyense abwere ndi kope la Chichewa la mwana mmodzi amene akumudera nkhawa, kaya wake, mdzukulu kapena wamasiye wa pafupi naye, pamodzi ndi buku lake la kuchipatala ndi katoni ija atalembapo pamene mwanayo anakakamira. Mayina a ana tisadzawatchule pagulu. Amlembi adzangolemba kuti a malembo alipo angati, a mawu angati, a ziganizo angati, kuti tidziwe magulu amene tiyambe nawo.